Madeya a chuku musawapatse ng'ombe ya mkaka, ngakhale mutawayanika

Mayi, mwafunsa ngati madeya omwe agwirana zibuma n'kuyamba kununkha chuku ndi amene atsitsa mkaka wa ng'ombe yanu, komanso ngati kuwayanika padzuwa kungawakonze. N'zotheka ndithu kuti ndi amenewo, ndipo muwasiye lero lomwe. Dzuwa limangoletsa chuku kupitiriza kumera, koma poizoni amene wapangika kale amakhalabe momwemo. Ngakhale kuwaphika sikumuchotsa.

Poizoni woopsa kwambiri m'madeya, m'keke ya mtedza ndi m'keke ya thonje (zotsala akafinya mafuta) ndi aflatoxin, wochokera ku chuku chobiriwira monkera ku chikasu chotchedwa Aspergillus. Amawononga chiwindi. Ng'ombe yaikulu siifa msanga, n'chifukwa chake ambiri sazindikira: imangodya monyinyirika, mkaka n'kutsika, ubweya n'kuyima, nthawi zina kutsegula m'mimba, ndipo matenda ena amaigwira mosavuta. Ana a ng'ombe ndi a nkhosa ndiwo amafooka msanga, ena mpaka kufa.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mkaka womwewo. Chiwindi chimasandutsa poizoniyu kukhala aflatoxin M1, yemwe amatulukira mu mkaka pasanathe tsiku ng'ombe itadya, ndipo kuwiritsa mkaka sikumupha. Ku Ulaya malire ake ndi 0.05 ppb mu mkaka (ppb ndi gawo limodzi pa magawo biliyoni imodzi), ku America ndi 0.5 ppb, ndipo chakudya cha ng'ombe za mkaka ku America sichiyenera kupitirira 20 ppb. Ndi mlingo wochepetsetsa, maso sangauone. Mukasintha chakudya, poizoniyu amatha mu mkaka pakatha masiku atatu kapena anayi. Masiku amenewo mkakawo musawapatse ana, musaugulitsenso.

Kwa oweta nkhosa, pali poizoni wina wotchedwa zearalenone, wochokera ku chuku chofiirira cha Fusarium. Amasokoneza kubereka, moti zazikazi zimakweredwa koma osatenga bere, kapena kuswa ana ochepa. Palinso Diplodia, chuku choyera chomatirira makoko ku chisononkho. Ziweto zikamadya zisononkho zowola zotsalira m'munda titakolola, zimayamba kudzandira, kugwa, mpaka kulephera kudzuka, ndipo za bere zimatha kuswa ana akufa. Zikachotsedwa m'mundamo msanga n'kumapatsidwa madzi ndi udzu wabwino, zambiri zimachira.

Vuto la madeya limayambira kuchigayo. Chimanga amachiwaza madzi asanachikonole, ndiye madeya amatuluka onyowa ndi ofunda. Mukawamanga m'thumba choncho, masiku ochepa okha chuku chayamba. Muziwayala mopyapyala pa lona tsiku lomwelo n'kumawatembenuza, mpaka mukawafumbata m'manja azimwazika osagwirana. Matumba akhale pa thandala, osati pasimenti, ndipo atalikirane ndi khoma. M'dzinja muzigula a sabata imodzi kapena ziwiri basi. Funsaninso komwe achokera, chifukwa poizoni wambiri amakhala m'khungu la chimanga ndi m'njere zosweka, choncho madeya a chimanga chosankhidwa chowola amaposa chimanga chenichenicho kuipa. Chimanga chosunga chiume kufika pa 13 peresenti kapena kutsikirapo.

Ena akuuzani kuti musakanize ndi madeya abwino. Kwa ng'ombe yokamidwa, ya bere, kapena ana, musatero. Musakawatayirenso nkhuku kapena nkhumba, chifukwa izo poizoniyu amazipweteka kuposa ng'ombe. Akwirireni. M'masitolo a mankhwala a ziweto mumapezeka toxin binder, kawirikawiri wa dothi la bentonite, wothira m'chakudya motsatira mlingo wolembedwa pa paketi. Amagwira bwino aflatoxin, koma zearalenone samugwira kwenikweni, ndipo sasandutsa chakudya chowola kukhala chabwino.

Ng'ombeyo ipatseni nsenjere kapena udzu wouma bwino, madeya atsopano ndi madzi ambiri. Pakatha sabata osasintha, kapena mukaona m'maso ndi m'nkhama mwachita chikasu, itanani alangizi a ziweto aiyeze kutentha thupi ndi magazi, popeza matenda a nkhupakupa nawo amatsitsa mkaka n'kubweretsa chikasu chomwecho.