Babe Ruth MVP imodzi yokha, Barry Bonds 7, zikutheka bwanji?

Ndalandira imelo kuchokera kwa mbale wina amene akukhala ku America, akuti anzake akuntchito amukokera ku baseball moti pano wayamba kuitsatira, ndiye akufunsa kuti: "Achimwene, kuno aliyense amati Babe Ruth ndiye katswiri woposa onse, koma ndaona kuti anawina MVP kamodzi kokha pomwe Barry Bonds ali nazo 7. Kodi anthuwa akungomukokomeza Ruth, kapena mphothoyi ndi yachinyengo?"

Achimwene, musawerenge ma MVP, mphotho ya wosewera wothandiza kwambiri timu yake pa sizoni, ngati zigoli. Mphothoyi yakhala ikusintha mwini wake, malamulo ake komanso oponya mavoti, ndipo Ruth anagwera nthawi yolakwika basi.

Nkhani yonse inayamba ndi galimoto, sindikunama. Mu 1910 mkulu wina wa kampani yopanga magalimoto ku Detroit, Hugh Chalmers, analonjeza kuti wosewera amene atsogole pa batting average, kutanthauza amene akumenya mpira n'kufika bwinobwino pa base kawirikawiri kuposa anzake, amupatsa galimoto yatsopano. Mpikisano unatsala pakati pa Ty Cobb wa Detroit Tigers ndi Nap Lajoie wa Cleveland. Tsopano Cobb ankadedwa koopsa ndi osewera anzake, ndiye tsiku lomaliza la sizoni Cleveland ikusewera magemu awiri ndi St. Louis Browns, kochi wa Browns Jack O'Connor anauza mnyamata wake watsopano wa pa third base, Red Corriden, kuti aziima kutali kumbuyo, ndipo Lajoie ataona mpata umenewo anangoyamba kugunda mpira pang'onopang'ono kuti uzigubuduzika pamalo opanda munthupo iye n'kuthamanga, mpaka ma hit 8 tsiku limodzi. Kunali chipwirikiti. Mtsogoleri wa American League, Ban Johnson, anagamula kuti wopambana ndi Cobb, O'Connor ntchito inamuthera pomwepo, ndipo Chalmers kuti asadane ndi aliyense anangopereka galimoto kwa onse awiri.

Chaka chotsatira anasintha, anati atolankhani ndiwo azisankha wosewera wothandiza kwambiri timu yake mu ligi iliyonse, American League ndi National League. Cobb ndi Frank Schulte ndiwo anayamba mu 1911. Koma izi zinali zotsatsa malonda, ndiye pofika 1914 Chalmers anazisiya.

Apa ndi pamene yankho lanu lagona. Kuyambira 1915 mpaka 1921 kunalibe mphotho ina iliyonse, ndipo zaka zomwezo ndi zimene Ruth anasandutsa masewerawa kukhala ena, ma home run (kumenya mpira mpaka kutuluka m'bwalo) 54 mu 1920, 59 mu 1921, koma panalibe chomupatsa. American League itayambitsa mphotho yake mu 1922 inaika lamulo lodabwitsa loti amene wawinapo kale asawinenso. Ruth anawina mu 1923, basi chitseko n'kutsekeka. Mu 1927 anamenya ma home run 60, rekodi imene inakhala mpaka 1961, koma dzina lake silimaloledwa n'komwe pa voti, mphotho inapita kwa mnzake wa mu timu yake ya New York Yankees, Lou Gehrig, amenenso anasewera bwino zedi chaka chimenecho, tisamuchotsere ulemu. National League inalibe lamulo limenelo, n'chifukwa chake Rogers Hornsby anawina kawiri, 1925 ndi 1929. Mukudziwa kuti Pelé ndi Maradona sanawinepo Ballon d'Or ali pabwalo chifukwa inali ya osewera a ku Ulaya okha mpaka 1995 pamene George Weah anaitenga? Nkhani ya Ruth ndi yofanana ndi imeneyo.

MVP imene mukuidziwa lero inayamba mu 1931, pamene bungwe la atolankhani a baseball, BBWAA, linatenga udindowu, oyamba anali Lefty Grove ndi Frankie Frisch. Ruth anali kale ndi zaka 36, ndipo anasiya kusewera mu 1935. Masiku ano amavota ndi atolankhani 30 pa ligi, awiri pa timu iliyonse, aliyense amalemba mayina 10, woyamba amapeza mapointi 14, wachiwiri 9, kumatsika choncho mpaka 1, ndipo mavoti amaponyedwa ma playoff asanayambe, ndiye zimene munthu wachita ku World Series, fainolo ya akatswiri a ligi ziwirizi, sizilowamo.

Koma atolankhani ndi anthu, ali ndi owakonda ndi owanyansa. Funsani za Ted Williams wa Boston Red Sox, amene sankamwerana madzi ndi atolankhani. Mu 1941 anamaliza ndi batting average ya .406, palibe wafikanso .400 mu ligi ziwirizi mpaka lero, koma MVP inapita kwa Joe DiMaggio amene anamenya hit m'magemu 56 otsatizana, chabwino, apo tingakangane mpaka kuche. Nanga 1942? Anatsogola pa average, ma home run ndi ma RBI (mapointi amene timu yapeza chifukwa cha kumenya kwake), zimene amazitcha Triple Crown, koma anapatsa Joe Gordon. Mu 1947 Triple Crown inanso, n'kuluza kwa DiMaggio ndi pointi imodzi, 202 kwa 201. Kwa ine apo anamubera poyera, ngakhale anawinako mu 1946 ndi 1949.

Palinso mkangano umene sunathe, woti kodi munthu angakhale wofunika bwanji timu yake ili kumchira? Andre Dawson anawina mu 1987 Cubs ili pansi pa gulu lake, Alex Rodriguez chimodzimodzi ndi Texas mu 2003, ena amang'ung'udzabe. Ndipo kumbukirani kuti anthu akuda sankaloledwa mu ligi zimenezi mpaka Jackie Robinson mu 1947, iye n'kukhala wakuda woyamba kuwina MVP mu 1949. Kuyambira 1944 chikho cha MVP chinali ndi dzina la Kenesaw Mountain Landis, komishonala amene tsankholi linapitirira iye akulamula, mpaka 2020 pamene analichotsa osewera akale ngati Barry Larkin atadandaula.

Za Bonds tsopano. Zitatu zoyamba, 1990, 1992 ndi 1993, palibe amatsutsa. Zinayi zotsatizana za 2001 mpaka 2004 ndi zimene zili ndi chithunzithunzi cha mankhwala owonjezera mphamvu, ndipo chosangalatsa n'choti bungwe lomwelo la BBWAA limene linamupatsa ma MVP 7 linamukaniza kulowa mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri akale, zaka 10 zonse anali pa voti. Ndiye anzanuwo akayambanso, auzeni ayang'ane manambala a Ruth a 1920, 1921 ndi 1927 kaye. Ndipo ngati akufuna womuyerekeza naye, si Bonds, ndi Shohei Ohtani, amene amaponya komanso kumenya monga ankachitira Ruth ali ku Boston, ndipo mu 2024 anakhala wachiwiri pambuyo pa Frank Robinson kuwina MVP mu ligi zonse ziwiri.