Ndayamba kuthamanga koma sikelo ikungokwera

Funso: Adokotala, ndine mayi wa zaka 36, ndimakhala ku Chitakale, ku Mulanje. Kuchipatala anandiuza kuti BP yanga yayamba kukwera, ndichepetseko thupi. Nthawi imeneyo ndinkalemera makilogalamu 80. Pano ndatha masabata atatu ndikuthamanga m'mamawa m'misewu ya m'minda ya tiyi, makilomita 4, kanayi pa sabata. Dzulo ndakwera sikelo, yawerenga 81.5! Anzanga kumsika akundiseka, ati kuthamanga n'kwa anyamata a mpira. Kodi ndingosiya?

Yankho: Musasiye, mayi. Zimene zakuchitikiranizi timaziona kawirikawiri, ndipo ambiri amagwa ulesi pa nthawi yomweyi, zinthu zitangoyamba kuyenda.

Sikelo siyisankha. Imayeza zonse pamodzi: mafupa, minofu, mafuta, madzi, ngakhale nsima ya dzulo imene idakali m'matumbo. N'chifukwa chake munthu yemweyo akhoza kusiyana kilogalamu imodzi kapena ziwiri pakati pa m'mawa ndi madzulo. Ndiye pa masabata oyamba a kuthamanga, chimene chimachuluka m'thupi ndi madzi. Minofu yosazolowera ntchito imang'ambika pang'onopang'ono, ming'alu yosaoneka ndi maso, ndipo thupi limatumizako madzi pokonza. Ululu wa m'ntchafu ndi m'akatumba umene mumamva mawa lake umachokera pamenepo. Ku Mulanje kuno zimanyanya chifukwa cha zitunda, makamaka potsetsereka. Komanso minofu ikaona kuti ntchito yachuluka imayamba kusunga shuga wambiri wotchedwa glycogen, ndipo galamu iliyonse ya shugayu imasungidwa ndi madzi pafupifupi magalamu 3. Magazi nawonso amawonjezekera. Kwa amayi palinso masiku oyandikira msambo, pamene thupi limagwira madzi mwachibadwa. Kilogalamu ndi theka lanulo likhoza kukwana m'zimenezi.

Ena adzakuuzani kuti mafuta asanduka minofu. Mafuta sasanduka minofu, ndipo kuthamanga kwa masabata atatu sikumanga minofu yoti sikelo n'kuiona.

Tsopano tiyeni tiwerengetse, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Munthu akathamanga kilomita imodzi amagwiritsa ntchito makalori (muyeso wa mphamvu imene thupi limapeza m'chakudya) pafupifupi ofanana ndi makilogalamu a thupi lake. Inu ndiye 80 pa kilomita, 320 pa ulendo wanu wa makilomita 4. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Mukagawa mupeza kuti pakufunika maulendo 24, kutanthauza masabata 6 pa mathamangidwe anuwa, kuti kilogalamu imodzi ichoke, ngati chakudya sichinasinthe.

Koma nthawi zambiri chimasintha, mwini wake osadziwa. Kuthamanga kumaitana njala. Munthu amabwerako thukuta lili kamukamu, n'kunena kuti lero ndagwira ntchito, ndidzithokoze: tiyi wa masipuni atatu a shuga, mandasi awiri, masana botolo la zozizilitsa kukhosi, madzulo kuwonjezera mtanda wa nsima. Sipuni yaing'ono ya shuga ili ndi makalori 16, botolo la theka la lita la chakumwa chotsekemera lili ndi oposa 200, ndipo mandasi amamwa mafuta ambiri m'chiwaya. Mphindi zisanu patebulo zikhoza kubweza zonse zimene munasiya m'minda ya tiyi. Ena akathamanga m'mawa amangokhala tsiku lonse, kumsika komwe ankapita wapansi akwera kabaza.

Sindikunena kuti mudzizunze ndi njala. Kudumpha chakudya kumangochititsa kuti usiku mudye ngati mukulipsira. Nsima idyani, koma ndiwo zamasamba zichuluke kuposa nsimayo m'mbale. Nandolo, nyemba, usipa ndi mazira zimakhalitsa m'mimba ndipo zimathandiza minofu kuchira. M'mawa mbatata yophika kapena nthochi zilowe m'malo mwa zokazinga. Mapeyala ndi abwino, koma ali ndi mafuta ambiri, theka likukwanirani. Thobwa lothira shuga muliwerenge ngati chakudya, ludzu muziphera madzi. Mchere chepetsani, poti umakweza BP komanso umasungitsa madzi m'thupi.

Sikelo muzikwera kamodzi pa sabata, yomweyomweyo, m'mawa mutataya madzi musanadye kanthu. Ine ndimakhulupirira kwambiri tepi ya atelala. Yezani m'chiuno podutsa pamchombo, ndipo cholinga chikhale choti muyesowo usafike theka la kutalika kwanu. Nthawi zambiri siketi imayamba kukhwepa sikelo isanavomere. Kutsika theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino, ndipo dziwani kuti BP ndi shuga wa m'magazi zimapindula ndi kuthamangako ngakhale thupi lisanatsike. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza mphindi zosachepera 150 pa sabata za masewera olimbitsa thupi apakatikati, kapena 75 za amphamvu ngati kuthamanga, ndiye inu mwafikapo kale. Musachite kupikisana ndi aja a Porters' Race amene amakwera phiri kuchokera ku Likhubula. Mtunda muziwonjezera pang'onopang'ono, kuopa kuvulaza mawondo.

Simunandiuze ngati muli pa mankhwala ena. Jakisoni wolera wa Depo amanenepetsa amayi ena, chimodzimodzinso ma ARV okhala ndi dolutegravir, komanso mankhwala ochepetsa kutupa a prednisolone. Ngati mukulandira ena mwa amenewa musasiye panokha, kakambiraneni ndi amene anakulemberani. Ngati msambo wadumpha, kayezetseni mimba. Ndipo mukaona mapazi kapena nkhope zikutupa, kupuma kukubanika mukagona, pachifuwa pakupweteka pothamanga, kapena thupi lakwera makilogalamu awiri m'masiku ochepa chabe, imani kaye mupite kuchipatala msanga akaone mtima ndi impso.

Ngati zonsezi palibe, pitirizani masabata ena 6 mukusamala za m'mbale, kenaka mukayezetsenso BP, mutatenga kope limene mwakhala mukulembamo za sikelo ndi za m'chiuno kuti adokotala anu akaone mmene zayendera.