Mwana akufuna ndege ya pa kompyuta: ndimugulire kapena ayi?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Lilongwe. Akuti mwana wawo wamkazi wa Fomu 3 sakuwapatsa mpata, akufuna amugulire Microsoft Flight Simulator, pulogalamu yoyendetsera ndege pa kompyuta, poti maloto ake ndi odzakhala woyendetsa ndege. Pakhomopo pali laputopu imodzi ya ntchito za kuofesi, ndipo intaneti yake ndi yogula bandulo. Akufunsa ngati zimenezi si gemu chabe yomudyera nthawi ya sukulu, ndiponso kuti ngati zili ndi phindu ayambire pati osataya ndalama.

Bambo, zikomo kwambiri polemba. Musagule kaye, komanso mwanayo musamukanize. Pali njira yoti ayambe sabata ino osalipira pulogalamu, ndipo njira yomweyo idzakuonetsani ngati chidwi chakecho chili ndi mizu.

Pulogalamu imene iye akuitchulayo ndi yokongola, sindikana. Ya mu 2020 anaikonza ndi a Asobo Studio a ku Bordeaux ku France, ndipo imajambula dziko lonse pogwiritsa ntchito zithunzi za Bing Maps zimene imakoka pa intaneti munthu ali mkati mouluka. Kuti ikhale m'kompyuta imafuna malo okwana 150 GB, komanso graphics card (kachipangizo koonetsa zithunzi m'kompyuta) yamphamvu imene malaputopu ambiri a kuofesi alibe. Yotuluka mu Novembala 2024 ndiye imadalira intaneti koposa inzakeyo. Pa bandulo, ndalama zidzangosungunuka ngati mchere m'madzi, ndipo chithunzi chikamadukizaduka mwanayo sangaphunzire kutera, chifukwa potera pamafunika kuti dzanja ndi maso ziziyendera limodzi. Dziwaninso kuti Flight Simulator yoyamba ya Microsoft, ya mu 1982, yochokera pa ntchito ya Bruce Artwick, inkaonetsa dziko la mizeremizere chabe, koma anthu ankaphunzirapo liwiro, kampasi ndi kutera. Kukongola kwa mitengo ndi nyumba si kumene kumaphunzitsa.

Mumuikire FlightGear, pulogalamu inanso yoyendetsera ndege pa kompyuta. Ndi yaulere, amaikonza ndi anthu ongodzipereka kuyambira m'ma 1990, ndipo imagwira pa Windows, Mac ndi Linux. Kaitsitseni kamodzi pamalo pamene pali Wi-Fi, mutsitsenso mapu a chigawo chathu chino, kenako muchepetse kukongola kwa zithunzi kuti laputopu isalemedwe. Mukafuna kuyesa mphamvu ya laputopuyo, X-Plane ya Austin Meyer ili ndi demo yaulere yolola kuuluka mphindi 15 nthawi iliyonse. Ineyo ndimaikonda X-Plane chifukwa imawerengera mmene mphepo ikukankhira kachigawo kalikonse ka phiko, choncho ndege yaing'ono imamveka yamoyo m'manja.

Chinthu chimodzi chokha choti mugule ndi joystick, kandodo kogwira ndi dzanja poyendetsa ndege, ngakhale yakaunjika. Batani la kiyibodi limangodziwa ziwiri, kudinidwa ndi kusiyidwa, pamene ndege imafuna kukhudzidwa pang'onopang'ono ngati mmene mumatsirira mchere m'ndiwo. Sankhani yotheka kupotokola, monga Logitech Extreme 3D Pro kapena Thrustmaster T.16000M, chifukwa kupotokolako kumayendetsa rudder, chiwongolero cha kumchira chimene m'ndege yeniyeni amachiponda ndi mapazi.

Tsopano pamene pagona nkhani. Mwanayo adzathamangira Boeing kapena Airbus, ndi mmene tonse timayambira. Ine ndinatha miyezi ingapo ndikuuluka pa Boeing 737, ndikudina mabatani a autopilot, ndege n'kumadziyendetsa yokha mpaka pafupi ndi pansi. Tsiku lina mnzanga anandiuza kuti nditere ndi Cessna 172 popanda chondithandiza. Ndinalephera kasanu motsatizana, ndipo zinandipweteka mtima kuzindikira kuti miyezi yonse ija ndinali ndisanayendetse ndege. Ndinayambiranso pa chiyambi, ndipo n'chifukwa chake ndikukupemphani kuti mwana wanu ayambire pomwepo.

Cessna 172 ndi kandege ka mipando inayi ndi injini imodzi. Inayamba kugulitsidwa mu 1956, ndipo zapangidwa zoposa 44,000, kuposa ndege ina iliyonse. Sukulu zambiri zophunzitsa kuyendetsa ndege zimagwiritsa ntchito imeneyi, ndipo FlightGear imabwera nayo kale. Aiike pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, limene m'mapulogalamuwa amalilemba FWKI, pa runway 14 (runway ndi msewu umene ndege imanyamukira ndi kuterapo). Mumufunse kuti 14 akutanthauzanji. Ndi madigiri 140 a pa kampasi, ndipo mbali inayo ya msewu womwewo yalembedwa 32, chifukwa munthu akatembenuka kuyang'ana kumene wachokera amawonjezera madigiri 180. Masamu amene amawaona ngati olemetsa m'kalasi adzawapeza atapentedwa pa phula.

Akakankha throttle, chowonjezera mphamvu ya injini, mpaka kumapeto, ndege idzayamba kukokera kumanzere chifukwa cha kuzungulira kwa propela, ndiye apotokole joystick kumanja pang'ono kuti ikhale pa mzere wapakati. Liwiro likafika ma knots 55 (knot ndi muyeso wa liwiro la ndege) akoke modekha, mphuno idzuke, akwere pa 75 kapena chapompo. Bwalo la Kamuzu lili pamtunda wa mafiti pafupifupi 4,000 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho wotchi yoonetsa kutalika ikamawerenga 5,000 ndiye kuti iye ali mafiti 1,000 okha kuchokera pansi. Akhote kumanzere kawiri mpaka aziyenda mofanana ndi runway koma chobwerera, akuiona pa zenera la kumanzere. Achepetse mphamvu ya injini, atsitse ma flaps (tizigawo ta kumbuyo kwa mapiko tothandiza ndege kuuluka pa liwiro lochepa), akhotenso kawiri, alunjike msewu pa ma knots 65. Akatsala pang'ono kugunda pansi achotse mphamvu yonse, maso aponye kumapeto kwenikweni kwa runway, azikoka pang'onopang'ono mpaka matayala awiri akumbuyo akhudze phula lisanakhudze lakutsogolo. Akaona kuti wabwera mokwera kwambiri kapena mokhota, asakakamize: abwezere mphamvu yonse, akwerenso, akazungulirenso. Oyendetsa ndege enieni amachita zomwezo ndipo palibe amawaseka.

Kuzungulira kumeneku kumatenga mphindi zosakwana khumi, ndipo adzakubwereza kambirimbiri asanatere bwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Usiku umene ine zinanditsegukira ndimaukumbukira bwino. Magetsi anali atathima, laputopu ili pa batire, dzanja likuwawa chifukwa chokoka joystick osalekeza. Ndipamene ndinagwira trim, kagudumu kamene kamachotsa kulemera pa chiwongolero. Nditakazungulitsa pang'ono ndinasiya joystick, ndege n'kukhazikika yokha pa liwiro lomwe ndinkafuna. Kuyambira pamenepo ndinaleka kulimbana nayo.

Akadziwa kutera, mumupatse ulendo wa ku Chileka, FWCL. Molunjika ndi makilomita pafupifupi 250, kapena kuti ma nautical miles opitirira pang'ono 130. Pa ma knots 110, kutanthauza ma nautical miles 110 pa ola, awerengere yekha papepala kuti atenga nthawi yaitali bwanji, apeza ola limodzi ndi mphindi khumi ndi zingapo. Asayatse GPS. Atsate msewu wa M1 ndi maso: Dedza, Ntcheu, Balaka, kudzaoloka Shire pa Zalewa, kenako phiri la Michiru lidzamuuza kuti bwalo layandikira. Phiri la Dedza ndi lotalika mamita pafupifupi 2,200, omwe ndi mafiti oposa 7,000, ndiye akwere mpaka 9,500. Kumeneko adzaona kandege kaja kakukwera mwaulesi chifukwa mpweya ndi wopepuka, ndipo adzafunika kuchepetsa mafuta olowa mu injini ndi kachitsulo kofiira ka mixture. Akasintha nyengo n'kuika kutentha kwa mu Okutobala, adzadabwa kuti ndege yomweyo ikudya msewu wautali isananyamuke. Phunziro la Physics limenelo sadzaliiwala.

Ndinene zoona pa zimene kompyuta singamupatse. Mpando wa pabalaza sugwedezeka. Sadzamva m'mimba kutsika ndege ikalowa m'mphepo yoipa, sadzamva thupi kulemera pokhota, sadzadziwa mantha enieni. Pali chizolowezi china choipa chimene ife a pa kompyuta timatola, chomangoyang'ana mawotchi m'malo moyang'ana kunja, ndipo aphunzitsi a ndege amavutika kuchichotsa. Mumukumbutse kuti maso azikhala panja nthawi zambiri. Maola a kunyumba sawerengedwa pa laisensi. Laisensi yoyamba imafuna maola osachepera 40 ophunzira kuuluka, mayeso olemba, ndi kupimidwa ndi dokotala wovomerezeka, maso ndi makutu omwe. Ndi maphunziro odula, ndipo amene amapeza mwayi wolipiriridwa amakhala oti Masamu, Physics ndi Chingerezi anakhoza bwino. Ngati akukayika kuti mtsikana wa kuno angafike kumeneko, mumuuze za Yolanda Kaunda, mayi woyamba wa ku Malawi kukhala kaputeni wa ndege.

Mbali ina yokoma ya ntchitoyi ndi kucheza ndi anzako. Pali VATSIM, imene inayamba mu 2001, ndi IVAO ya mu 1998, kumene anthu a m'maiko osiyanasiyana amaulukira mlengalenga mmodzi pa intaneti, ena n'kumagwira ntchito ya pa nsanja yolondolera ndege, kulankhulana pa wailesi ndi mawu omwe amagwiritsidwa ntchito m'ndege zenizeni. Kulowa n'kwaulere. Kumeneko FWKI amaitchula kuti Foxtrot Whiskey Kilo India, ndipo lamulo lililonse lofunika limene wapatsidwa umalibwereza kuti wakupatsayo atsimikize kuti wamva. Mlengalenga mwa kuno nthawi zambiri mumakhala zii, olondolera amapezeka kwambiri ku Ulaya ndi ku America, nthawi zina ku Johannesburg. Komabe izi zidikire. Ndi malo a anthu achilendo, ambiri akuluakulu, choncho muwerenge kaye malamulo awo a msinkhu, ndipo akadzalowa, masiku oyamba azingomvetsera inu muli pafupi.

Za nthawi ya sukulu, nkhawa yanu ndi yomveka. Mugwirizane kuti ndege ndi ya Loweruka ndi Lamlungu, homuweki itatha. Mumugulire kope la masamba 40 loti azilembamo ulendo uliwonse: tsiku, bwalo lonyamukira, lokatera, mphindi zimene wauluka, katera kangati, ndi chimene chinavuta. Nthawi zina muzikhala pambali pake, iye akufotokozereni chifukwa chake akutsitsa ma flaps pamenepo. Pakatha miyezi itatu mutsegule kopelo. Mukapeza masamba atatu okha olembedwa, mwangotaya ndalama ya joystick basi. Mukapeza ladzaza ndi maulendo a Cessna ozungulira Lumbadzi, mundilemberenso, munditumizire kukula kwa RAM ndi dzina la graphics card ya laputopu yanu, tione ngati ingakwanitse X-Plane yathunthu kapena pakufunika kusunga ndalama ya kompyuta ina.