Timapepala ta chenje ta ku Portugal, ndi funso lomwe limandiyabwa

Mlongo wina amene amagwira ntchito ku Lisbon wanditumizira imelo. Akuti pa msika wa zinthu zakale wa Feira da Ladra anagula timapepala tisanu tolembedwa "Câmara Municipal" (kutanthauza khonsolo ya tauni), ndiye akufunsa ngati ndi ndalama zenizeni, komanso ngati angadzapindule atamagula tambiri.

Funso lachiwirilo, mlongo wanga, ndi lomwe achimwene anga aakulu amandizunza nalo akabwera kunyumba. Amavundukula alubamu yanga, n'kupukusa mutu: "Ndiye zimenezi mudzagulitsa zingati?" Ndikayankha kuti sizogulitsa, amaseka mpaka kugwira m'mimba. Iwo ndi munthu wa geni ya matabwa, chinthu chosabala phindu kwa iwo ndi zinyalala basi.

Ine ndinayamba kutolera timapepalati ndili ku Porto, ndikuchita lendi kachipinda kwa gogo wina wamasiye. Tsiku lina batani la malaya anga litathothoka, gogoyo anatulutsa chitini cha mabisiketi chodzaza mabatani. Pansi penipeni panali kapepala ka masentavo 2 (masentavo anali ngati matambala a ku Portugal), kopindidwa kanayi, kakuda bii ndi thukuta la m'manja, chidindo chake chofiirira chitatsala pang'ono kufufutika. Anati kanali ka mayi awo. Anandipatsa ulere, akudabwa kuti mwana wa ku Africa akufuna chiyani ndi kansanza kotere. Malaya aja sanasokedwe tsiku limenelo, tinangokhalira nkhani mpaka supu anazizira.

Timapepala timeneti Apwitikizi amatitchula kuti cédulas. Dziko lawo litalowa nkhondo yoyamba yapadziko lonse mu 1916, mitengo ya zinthu inakwera moti mkuwa ndi siliva za m'makobidi zinakhala zodula kuposa nambala yolembedwa pa khobidilo. Anthu si opusa. Anayamba kubisa makobidi, ena kuwasungunula, chenje n'kusowa m'misika. Mu 1917 Casa da Moeda, komwe amasula ndalama za boma, ndi bungwe lachifundo la Santa Casa da Misericórdia ku Lisbon anatulutsa timapepala ta masentavo ochepa. Mu 1918 mpaka anasula khobidi la masentavo 2 lachitsulo wamba. Sizinakwane. Pamenepo makhonsolo a matauni ngati Coimbra ndi Elvas, mabungwe a amalonda, zipatala, ngakhale eni masitolo, aliyense anayamba kudinda take, ambiri popanda chilolezo. Kapepala ka tauni ino kamagula buledi m'tauni momwemo, koma kutsidya la mtsinje ankatha kukakana. Inu ndi ine tikuzidziwa izi: wapagolosale akakupatsa maswiti m'malo mwa chenje, sungakalipire nawo minibasi. Boma litatulutsa makobidi atsopano mu 1924, timapepalati tinayamba kutha ntchito.

Tsono apa ndi pomwe ndimakangana ndi ogulitsa. Iwo amakweza mtengo wa kapepala koyera mbee, kosapindika. Koma koyerako nthawi zambiri n'kotsala m'kabati ya khonsolo, kopanda siginecha, kosagulapo ngakhale mchere. Ndinkanena kuti zonse zili ndi malo ake, lero ndikunena mosapsatira: kapepala kosagwidwa ndi manja a wogulitsa nsomba sindikafuna. Ku Germany, nthawi yomweyo, matauni ena anafika podinda ndalama zawo zadzidzidzi, za Notgeld, zamitundu yowala, cholinga chili chogulitsa kwa otolera. Zokongola ndithu, koma kwa ine ndi zithunzi chabe. Za Apwitikizi zambiri ndi zosauka, pepala lotchipa, chizindikiro cha tauni, nambala, mwina kachithunzi ka tchalitchi kapena mlatho, ndipo n'chifukwa chake ndimazikonda.

Mwa njira, abale athu a ku Angónia ndi ku Tete, funsani agogo za m'masutikesi. Banki ya Apwitikizi ya Banco Nacional Ultramarino inatulutsanso timapepala ta masentavo 10, 20 ndi 50 ku Mozambique mu 1914. Amenewo ndi a banki, osati a khonsolo, koma ine ndikawapeza sindiwasiya.

Nanga mugule kapena ayi?

Inde, zinali ndalama, ngakhale kuti za m'tauni imodzi. Kulemera nazo, iwalani: tambiri n'totchipa, ndipo tosowa tija akatswiri a ku Portugal anatidziwa kale inu musanafike. Ngati mtima wakoka, sankhani chigawo chimodzi, muziyang'ana chidindo, siginecha ndi nambala. Osatisita, osamata selotepi, osatikuta ndi pulasitiki yotenthetsa. Musanagulenso, pitani kaye ku Museu do Dinheiro, nyumba yoonetserako ndalama zakale, komweko ku Lisbon, mukazolowetse maso pa ndalama zakale, kulowa n'kwaulere.