Mphindi ziwiri m'chikepe, maola awiri pamzere: yankho pa za Hotel Hightower

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina amene amatsogolera gulu la zisudzo kwawo. Anaona pa YouTube kanema wa chikepe chogwa cha ku Tokyo DisneySea, paki ya zosangalatsa ya ku Japan, chotchedwa Tower of Terror, ndipo anafunsa chonchi: "Akulu, ndamva kuti chikepecho chimangotenga mphindi ziwiri, koma anthu amatha kuima pamzere maola awiri. Amafunako chiyani? Nanga ife amene timachita zisudzo ndi nsalu ziwiri ndi mabenchi, pali chimene tingatolepo?"

Achimwene, funso lanu landikhudza, chifukwa nanenso ndisanafikeko ndinkayesa kuti anthu amalipirira kugwako. Ndinakwerako kamodzi. Chimene chinandikhala m'mutu mpaka lero ndi kafano kamtengo kamene kanasowa ndikukayang'ana, m'chipinda china, ndisanakhale n'komwe pampando wa chikepe.

Tokyo DisneySea ili ku Urayasu, m'chigawo cha Chiba, pamalo amene kale panali nyanja anthu n'kukwirirapo dothi. Kuchokera pa siteshoni ya Tokyo, sitima imatenga mphindi pafupifupi 15 kukafika pa siteshoni ya Maihama, pafupi ndi pakiyi. Pakiyi inatsegulidwa pa 4 Sepitembala 2001, pafupi ndi Tokyo Disneyland imene inayamba mu 1983. Eni ake ndi kampani ya ku Japan komweko, Oriental Land Company, imene imalipira Disney kuti igwiritse ntchito dzina ndi luso lake. Chikepe chimene mukufunsachi chinabwera mu Sepitembala 2006. Cha mtundu umenewu chinalipo kale ku Florida kuyambira mu 1994, koma nkhani yake inachokera mu pulogalamu ina yakale ya pa TV ya ku America imene anthu ambiri a ku Japan sankaidziwa. Ndiye okonza zinthuzi, amene Disney imawatcha ma Imagineer, anasiya nkhani ija n'kupeka yatsopano kuyambira pachiyambi.

Nkhani yake ndi iyi, ndipo muikumbukire kuti ndi yopeka. Ku New York kunali mpondamatiki wina dzina lake Harrison Hightower III, mwini hotela yaikulu yotchedwa Hotel Hightower, amene ankayendayenda m'maiko n'kumalanda ziboliboli ndi zinthu zopatulika za eni ake. Paulendo wake wa ku mtsinje wa Congo anatenga kafano kotchedwa Shiriki Utundu. Anamuchenjeza kuti kafanoka kali ndi miyambo yake, koma iye anaseka, mpaka kuzimitsira ndudu yake pamutu pake. Usiku wa pa 31 Disembala 1899, phwando la chaka chatsopano lili mkati, anakwera nako chikepe kupita kuchipinda chake cha pamwamba. Chikepecho chinagwa. Atatsegula anapezamo chipewa chake ndi kafano kaja, mwini wake osaoneka. Hotela inatsekedwa. Patapita zaka 13, mu 1912, bungwe losamala nyumba zakale za mumzindawo linayamba kuonetsa alendo hotelayo kuti ipulumuke.

Apa m'pamene pagona luso loyamba. Inu mukafika, chaka ndi 1912, ndipo mwapatsidwa kale udindo m'nkhaniyo: ndinu mlendo amene wabwera kudzaona nyumba yakale. Antchito amene amakulandirani amavala ndi kulankhula ngati anthu a bungwe lija. Choncho mzere umene mwaimawo uli ndi chifukwa chake m'nkhani momwemo, pakuti alendo oona nyumba amayenda m'magulu, amadikira gulu lina lituluke, amamvetsera wowaperekeza. Palibe pamene nkhani imaima kuti makina agwire ntchito. Zili ngati mmene agogo akati "padangokhala" ana n'kuyankha "tili tonse": wayankhayo walowa kale m'nthano, sangakhalenso woonerera chabe.

Ndipotu nkhaniyo imayamba musanafike pakhomo. Chigawo chonse chimene hotelayi ili, American Waterfront, anachimanga ngati New York wa zaka zimenezo: sitima yamagetsi yodutsa pamwamba pa msewu, sitima yapamadzi yaikulu yotchedwa S.S. Columbia itaima padoko, zikwangwani za masitolo zolembedwa mwachikale. Hotelayo imaoneka patali, yaitali mamita 59. Nambala imeneyi ndimaikonda. Lamulo la za ndege ku Japan limafuna kuti chomangidwa chofika mamita 60 chikhale ndi nyale zochenjeza ndege, ndipo nyale yofiira yothwanima pamwamba pa hotela ya m'zaka za m'ma 1800 ikanaulula bodza lonse. Nyumbayo inalekezera mita imodzi pansi pa malirewo. Munthu woima pansi saona kuti yafupika, poti anaimanga moti diso liziiona yaitali kuposa mmene ilili.

Mukalowa m'chipinda cholandirira alendo, palibe amene amakuuzani kuti Hightower anali munthu woipa. Mumadzionera nokha. Pamakoma, cham'mwamba, pali zithunzi zojambula zoonetsa maulendo ake m'maiko osiyanasiyana, ndipo mukayang'anitsitsa mumapeza kuti pa chithunzi ndi chithunzi iye akuchoka ndi katundu wa eni ake, kwinako eni akewo akumuthamangitsa. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti, m'nkhaniyo, zithunzizo anaziika ndi mwini wake, monyadira. Nkhope yake ili paliponse. Munthu amene amakongoletsa nyumba yake ndi umboni wa kuba kwake mwamudziwa kale khalidwe, ngakhale simunamve liwu lake. Kumapeto kwa chipindacho kuli chikepe chimene chinagwa chija, zitseko zitapindika, chosiyidwa mmene chinalili. Anthu amafika pamenepo n'kutsitsa mawu okha.

Inu a zisudzo mudziwenso ichi: nkhope ya Hightower anaitengera kwa Joe Rohde, mmodzi wa ma Imagineer odziwika, amene anatsogolera ntchito yokonza paki ya Animal Kingdom ku Florida. Zithunzi zonse zimagwirizana, ndevu zomwezo, maso omwewo, kuchokera pakhomo mpaka m'chikepe.

Tsopano chipinda cha kafano. Gulu lanu amalilowetsa mu ofesi ya Hightower n'kutseka chitseko. Kutsogolo kuli zenera la magalasi a mitundumitundu, ndipo pambali, pamwamba pa kansanamira, pakhala Shiriki Utundu, kakang'ono, kosayenda. Woperekeza uja amaliza galamafoni yakale kuti mumve mawu a Hightower pa msonkhano wake womaliza ndi atolankhani, mtolankhani wina akumufunsa za temberero iye n'kumanyoza. Kenako magetsi amachepa, chithunzi cha pazenera chija chimasintha, Hightower amaoneka ali ndi mantha, akufotokoza zimene zinamuchitikira ndi kukuchenjezani kuti mubwerere. Zonsezi zimanenedwa m'Chijapani, chimene ine sindimva, koma palibe chimene chinandidutsa. Maso onse ali pazenera. Ndiye kafano kaja kamatsegula maso obiriwira, n'kuyang'ana anthu uku ndi uku, n'kuseka. Timagetsi tonga nyenyezi timathwanima pathupi pake ndi pakhoma, ndipo magetsi akayakanso pakansanamira pali mbee, palibe kanthu.

Ndinamva chipinda chonse chikukoka mpweya nthawi imodzi. Ganizirani zimene zachitika apa, achimwene. Mpaka nthawi imeneyo temberero linali nkhani ya munthu wina ya zaka 13 zapitazo. Tsopano chinthucho chasowa inu mukuona, ndipo simukudziwa kumene chapita. Kuyambira pamenepo mumayenda mukuyang'ana m'makona. Makina ochititsa zimenezi ndi aang'ono poyerekeza ndi injini za chikepe, koma ntchito yaikulu yochititsa mantha yagwiridwa ndi iwowa. Amene anakulira kumene kuli gule amachidziwa chinthu chimenechi: ng'oma zimayamba kalekale, fumbi limaoneka cha kutchire, ana ayamba kale kuthawa chilombo chisanatulukire pabwalo.

Kuchoka apo mumalowa m'nkhokwe yobisika mmene Hightower ankasungiramo zimene analanda: ziboliboli zikuluzikulu, mabokosi, zinthu zolendewera pa maunyolo, kuwala kochepa. Apa mzere ukupitirira, ndipo apa m'pamene amakugawani kuti mukwere, koma maso anu ali kalikiliki moti kudikirako simukumva kuwawa. Chifukwa chokwerera chikepe chonyamulira katundu chiliponso m'nkhani: chikepe cha alendo chinagwa, mwachiona nokha, ndiye chotsala ndi ichi.

Za kukwerako sindichulutsa. Mumakhala anthu 22, aliyense ndi lamba wodutsa paphewa ngati wa m'galimoto, ndipo mwana wosafika masentimita 102 saloledwa. Chikepe chimabwerera m'mbuyo mumdima, n'kukwera. Chitseko chikatseguka mumaona Hightower m'chipinda chake, kafano kaja n'kumukantha ndi mphezi yobiriwira. Pansanjika ina pali kalilole wamkulu, mumadziona nonse, mumauzidwa kuti mubayibitse, kenako zithunzi zanu zimasanduka zobiriwira n'kuzimiririka. Ndiye mumaponyedwa m'mwamba, zitseko zimatseguka mukuona paki yonse pansi, n'kugwa, n'kukweranso, n'kugwa. Amene anakwerapo cha ku Florida amati cha ku Tokyo chimagwa mofatsirapo. Komabe anthu amatuluka miyendo ikunjenjemera, chifukwa mtima unayamba kuthamanga kale mu ofesi muja. Ngakhale sitolo imene mumatulukiramo ili m'nkhani: anaimanga ngati dziwe losambiramo la hotelayo limene analiphwetsa madzi n'kuikamo mashelefu.

Pali china chimene simunafunse koma sindingachisiye, chifukwa chinandivuta ndili pamzere pomwepo. Kafanoka m'nkhaniyo ndi ka ku Africa. Dzina lake analitenga ku Chiswahili, mmene utundu ndi khalidwe la mwana wosamva, wopulupudza. Anthu amene analandidwa kafanoka anawatcha a Mtundu, ndipo khutu la Mchewa likamva zimenezi limadabwa, pakuti kwa ife mawuwa amangotanthauza fuko lililonse, ngati kuti anthuwo alibe dzina lawolawo. Zaka zimene nkhaniyi yaikidwa ndi zenizeni ndithu. Kuyambira 1885 mpaka 1908 dziko la Congo linali m'manja mwa mfumu Leopold II ya ku Belgium, ndipo nkhanza zake n'zodziwika. Mu 1897 asilikali a Britain analanda zosula zamkuwa za ufumu wa Benin, umene dera lake lero lili mu Nigeria, zimene Germany inayamba kubweza zina mwa izo ku Nigeria mu 2022. Chigaza cha munthu wakale chimene chinapezeka ku Kabwe mu 1921 chili ku Natural History Museum ku London, ngakhale Zambia yakhala ikuchipempha.

Maganizo anga ali pawiri. Ndimayamikira kuti m'nkhaniyi woipa ndi wolandayo, ndipo ana a ku Japan mamiliyoni amene adutsa m'chipinda chija aona ndi maso awo kuti kutenga zopatulika za eni ake ndi kuba. Zimenezi si zazing'ono. Koma zimandipweteka kuti chinthu cha ku Africa chabwera ngati choopseza, maso obiriwira ndi kuseka koipa, pamene eni ake amangooneka pachithunzi, osalankhula. Luso lonse lija lagwiritsidwa ntchito kuti timudziwe Hightower mpaka kumtima, koma za mudzi umene unadzuka m'mawa n'kupeza pamalo pa fano lawo palibe kanthu sitimva kalikonse.

Tsono ku funso lanu lachiwiri. Ndalama za Oriental Land Company inu mulibe, koma zambiri zimene ndafotokozazi sizinadalire injini. Omvera anu apatseni udindo asanakhale pansi: ngati sewero lanu ndi la mlandu wa kwa amfumu, wolandira ndalama pakhomo akhale nyakwawa, awalonjere ngati anthu a m'mudzimo obwera kudzamva mlandu, awauze mbali yokhala amuna ndi yokhala amayi. Njira yochokera pakhomo kufika pamabenchi isakhale yopanda kanthu. Ikanimo zinthu zitatu kapena zinayi zimene zikuulula khalidwe la munthu wamkulu wa m'sewerolo, ndipo musazifotokoze. Chilichonse chimene simungathe kubisa, kaya ndi jenereta kaya ndi khomo lotulukira, chipezereni chifukwa m'nkhani. Ndipo sankhani chinthu chimodzi chokha chimene chidzachitike omvera akuona, chimene sadzatha kuchimvetsa, n'kuchiyeserera mpaka chikhale chosalala. Nsalu yakuda, tochi ndi mwana wa sewero wodziwa kuyenda mwakachetechete zikhoza kusowetsa chinthu pampando ngati maso a anthu mwawakokera kwina pa nthawi yoyenera.

Ndikanakhala m'gulu lanu ndikanapempha kuti tichite sewero la mudzi uja. Omvera alowe ngati anthu a m'mudzimo, adutse pafupi ndi fano lawo lili pampando wake, ena aliwerame monga aona anzawo akuchitira. Mlendo wachipewa afike ndi mphatso zake, alandiridwe bwino, adye nsima. Nyale izime pang'ono ng'oma ikulira, ndipo ikayakanso mpando uja ukhale wopanda kanthu, gogo wosunga fanolo ataima pambali pake, akuyang'ana omverawo mmodzimmodzi.