Komwe mungapeze katekisimu wakale wa mafunso ndi mayankho

Mayi, funso lanu ndaliwerenga mofatsa. Mwanena kuti mumaphunzitsa ana a Tilitonse ku limana kwanu ku Mulanje, ndipo mukufuna katekisimu wakale uja wa mafunso ndi mayankho amene makolo athu ankaloweza pamtima, pamodzi ndi mabuku ena odalirika ophunzitsira chikhristu, koma simukudziwa koyambira. Maganizo anga ndi akuti bukulo mulifunefune kaye pafupi, m'manja mwa anthu a m'parishi yanu yomweyo, ndipo mukalipeza musaliphunzitse palokha, koma muziliyerekeza ndi zimene Eklezia akuphunzitsa lero.

Ndikunena za pafupi chifukwa Chikatolika chinakhazikika kalekale kuno kumwera. Ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama m'boma la Ntcheu mu 1901, ndipo mu 1903 anatsegula mishoni ya Nguludi ku Chiradzulu, kufupi ndi ife kuno. Ntchito yaikulu yophunzitsa akatekumeni m'midzi inkagwiridwa ndi akatekisi, amene ankayenda wapansi kapena pa njinga atanyamula timabuku tating'ono ta Chinyanja. Timabuku timeneti sitinathe tonse ayi. Pitani kwa katekisi wopuma, kwa mkazi wamasiye wa katekisi, kapena kwa agogo amene akhala zaka zambiri m'gulu la Legio Maria, muwafunse mwaulemu, ndipo musadabwe akakutulutsirani kabuku kokulungidwa m'pepala la shuga, kopanda chikuto, ngodya zake zitadyedwa ndi chiswe, masamba atachita madontho chifukwa cha chinyontho cha chiperoni. Ambiri a iwo salola kuti bukulo lichoke pakhomo, ndipo sakulakwa, chifukwa mabuku obwerekedwa sabwerera kawirikawiri. Choyenera ndi kupempha chilolezo chojambula tsamba lililonse ndi foni pomwepo pakhonde, kuyambira tsamba loyamba limene limasonyeza chaka ndi malo amene linasindikizidwira. Dziwaninso kuti mabuku otuluka chisanafike chaka cha 1968 amatchula chiyankhulo chathu kuti Chinyanja, ndipo ambiri akale amalemba c pamene ife timalemba ch, choncho ana adzafunika kuwathandiza powerenga.

Mukachoka kwa akuluakuluwo, pitani kwa bambo mfumu a parishi yanu. Uku si kungopereka ulemu chabe: udindo woyang'anira zimene ana akuphunzitsidwa pokonzekera Ukaristia woyamba ndi Ulimbitso ndi wawo, ndipo iwo ndi amene akudziwa buku limene arkidayosizi ya Blantyre ikugwiritsa ntchito pakali pano. Angakulozereninso ku Nantipwili, ku Bvumbwe m'boma la Thyolo, kumene kumachitikira misonkhano ndi maphunziro a utumiki. Kunena za mabuku ogula, osindikiza achikatolika amene akhala akutulutsa mabuku a Chichewa kwa zaka zambiri ndi Montfort Media ku Balaka ndi Likuni Press ku Lilongwe, pamene mabuku ambiri a Chingerezi okhudza chiphunzitso amachokera ku Paulines Publications Africa, ku Nairobi. Munthu wa ku limana kwanu akamapita ku Limbe, mutumeni akafunse ku ofesi ya katedirale, m'malo moti muwononge ndalama yoyendera pa ulendo wa buku limodzi.

Ngati mumawerenga Chingerezi, makatekisimu akale otchuka amapezeka aulere pa intaneti, ndipo ndi bwino kuwadziwa kuti musasokonezeke. Kholo la ambiri a iwo ndi Katekisimu wa ku Roma, amene anatuluka mu 1566 pa ulamuliro wa Papa Pius V utatha msonkhano waukulu wa ku Trent. Ameneyu analembedwera ansembe a m'maparishi, si wa mafunso ndi mayankho, ndipo mwana sangamuthe, koma kwa mphunzitsi wofuna kuzama pa masakramenti ndi chuma chenicheni. Baltimore Catechism inatuluka ku America mu 1885, ili ndi mafunso afupiafupi osavuta kuloweza, ndipo inakonzedwa m'magawo molingana ndi msinkhu wa ophunzira. Ku England kunali kabuku kotchedwa Penny Catechism, ndipo ku Italy kunali katekisimu wodziwika ndi dzina la Papa Pius X, papa yemwe mu 1910 analamula kuti ana ayambe kulandira Ukaristia akafika msinkhu wozindikira, cha pa zaka 7.

Pali chinthu chimene ndikufuna muchigwiritsitse kuposa zonse. Ine mabuku akalewa ndimawakonda, ndipo sindigwirizana ndi amene amanyoza kuloweza, chifukwa yankho limene mwana waloweza ali ndi zaka 9 limakhala naye mpaka pa bedi la imfa, nthawi imene sangathenso kutsegula buku. Koma zimene Eklezia amakhulupirira ndi zina, malamulo a kachitidwe ndi ena, ndipo malamulowa amasintha. Buku lakale kwambiri lidzakuuzani kuti wofuna kulandira Ukaristia asadye kapena kumwa kanthu kuyambira pakati pa usiku. Lamulo limeneli Papa Pius XII analifewetsa mu 1953, mu 1957 analitsitsa kufika pa maola 3, ndipo Papa Paul VI mu 1964 analifikitsa pa ola limodzi, monga lilili lero, madzi ndi mankhwala osawerengedwa. Mwana wochokera m'munsi mwa phiri amene amayenda mtunda wautali kupita ku Misa yachiwiri mukamuphunzitsa lamulo lakale lija, mwamusenzetsa katundu amene Eklezia anamutula kale.

Nkhani ina ndi yopweteka kwambiri, ndipo kwathu kuno timakumana nayo pa maliro: makanda omwalira asanabatizidwe. Makatekisimu ena akale amanena za Limbo ngati malo amene ana oterewa amapita. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa lero, pa ndime 1261, amawapereka anawo ku chifundo cha Mulungu ndi kutilimbikitsa kukhala ndi chiyembekezo choti pali njira ya chipulumutso kwa iwo, uku akupitiriza kuchenjeza makolo kuti asachedwetse ubatizo. Mayi amene wangoika kumene khanda lake akadzakufunsani, mudzamuyankhe ndi mawu amenewa. Chimodzimodzinso mawu ena a m'mabuku akale onena za mipingo ina ndi aukali, pamene msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unatiphunzitsa kuona akhristu ena obatizidwa ngati abale mwa Ambuye. Ana anu ambiri ali ndi agogo a CCAP ku Mulanje Mission kapena amalume a Seventh-day ku Malamulo, ndipo amadyera nawo m'mbale imodzi, choncho mawu amene muwapatse onena za achibale awowo muyenera kuwasankha mosamala.

Ndiye muyeso wanu ukhale Katekisimu wa Eklezia Katolika amene Papa John Paul II anatulutsa mu 1992. Ali ndi ndime 2865, ndipo anatsata nsanamira zinayi zomwe zija za Katekisimu wa ku Roma: chikhulupiriro, masakramenti, malamulo khumi ndi pemphero la Atate Athu. Amene amati watsopanoyu anataya zakale sanawaike pamodzi mabuku awiriwa n'kuwawerenga. Kwa inu amene mukufuna mafunso ndi mayankho, buku loyenera kwambiri ndi Compendium, chidule cha katekisimu yemweyo chimene Papa Benedict XVI anavomereza mu 2005, chokhala ndi mafunso 598, ndipo pambali pa funso lililonse pali manambala a ndime za m'buku lalikulu. Onse awiri ali pa tsamba la Vatican, vatican.va, osalipira kanthu. Kwa achinyamata okonzekera Ulimbitso palinso YOUCAT, ya mu 2011. Onetsetsani kuti mwapeza kope laposachedwa la katekisimu wamkulu uja, chifukwa ndime 2267, yonena za chilango cha imfa, inalembedwanso mu 2018 pa ulamuliro wa Papa Francis.

Pa intaneti muchenjere ndi masamba amene amagawa makatekisimu akale bwinobwino, koma m'mawu oyamba kapena m'munsi mwa masamba aikamo zawo zonyoza Papa, Misa ya m'chiyankhulo chathu ndi maepiskopi. Buku lililonse lophunzitsira muliyang'ane kuseri kwa tsamba loyamba ngati lili ndi mawu achilatini akuti Nihil obstat ndi Imprimatur, pamodzi ndi dzina la episkopi ndi chaka, chifukwa ndi chizindikiro choti linaunikidwa ndi kuloledwa. Zimene zimangoyenda pa WhatsApp zopanda dzina la wolemba musaziike m'manja mwa ana musanawaonetse ansembe.

Baibulo lisasowe pambali pa zonsezi. Akuluakulu ambiri anakulira pa Malembo Oyera, Baibulo la Akatolika la mu 1966, koma kwa ana Buku Loyera la mu 1998 ndi losavuta kumva, bola mupeze lokhala ndi mabuku onse amene Akatolika timawerenga, monga Tobiti, Yuditi ndi Amakabeo. Radio Maria ya ku Mangochi ndi Luntha TV ya ku Balaka zimaulutsanso mapologalamu a chiphunzitso amene angakuthandizeni pokonzekera. Pa Lamulungu lililonse mafunso awiri kapena atatu ndi okwanira: muwerenge nkhani ya m'Baibulo yogwirizana nawo, mufotokoze m'mawu anuanu, kenaka ana aloweze. Masamba amene mujambule kwa akatekisi aja mukawasindikize pa Chitakale kapena pa Luchenza, mulembe ndi cholembera chofiira pambali pa yankho lililonse limene lamulo lake linasintha, ndipo kope limodzi mukasiye ku ofesi ya parishi kuti aphunzitsi a m'malimana ena adzalipeze.