Nanga 47 ndi 97 tingaziyese bwanji?

Aphunzitsi, funso lanu ndinaliwona dzulo koma ndinati ndiyambe ndagwira pensulo ndisanayankhe. Mwati ana anu akudziwa malamulo odziwira ngati nambala ikugawika ndi 2, 3, 5, 9 kapena 11, koma wina wakufunsani momwe angadziwire kuti prime (nambala yogawika ndi 1 ndi iyo yokha basi) yaikulu ngati 47 kapena 97 ikulowa ndendende mu nambala yaitali popanda long division. Ena pagulu pano ayankha kuti lamulo lotero kulibe. Lilipo ndithu, ndipo prime iliyonse kupatula 2 ndi 5 ili ndi lake la mtundu umene ndifotokoze pano. Koma chonde musawapatse ana mndandanda woti aloweze. Aphunzitseni kulipanga okha, chifukwa malamulo onsewa amachokera pa mfundo imodzi: mukachotsera nambala yanu chinthu chimene chikugawika ndi 47, yankho la funso lakuti "kodi 47 ikulowa?" silisintha.

Tiyeni titenge 5,781. Ndikufuna kuifupikitsa, ndipo njira yophweka ndi kupha dijiti yakumapeto kuti pakhale ziro. Ndiye ndifunika nambala ya m'tebulo la 47 yothera ndi 1. Sitipita patali: 47 × 3 = 141. Chotserani 141 pa 5,781, mutsala ndi 5,640. Ziroyo mufufute, mutsala ndi 564. Tsopano yakumapeto ndi 4, ndiye tichotsere 141 × 4, yomwe ndi 564. Chatsala ndi ziro. Choncho 47 ikulowa mu 5,781, ndipo mukayesa mupeza kuti ikulowa ka 123.

Mwana wochenjera afunsa kuti ndani watilola kufufuta ziro uja. Limenelo ndiye funso loyenera kukhalapo nthawi. Kufufuta ziro ndi kugawa ndi 10, ndipo 10 ndi 2 × 5 basi, mulibe 47 m'menemo. Ngati 47 ikulowa mu 10 × 564 koma mu 10 siingalowe, ndiye kuti yabisala mu 564. Mfundo imeneyi, yakuti prime ikagawa nambala ziwiri zochulukitsana imakhala ikugawa imodzi mwa izo, ili kale m'buku lachisanu ndi chiwiri la Elements la Euclid, katswiri wa masamu wakale, lolembedwa cha m'ma 300 BC. Si zachilendo ayi.

Akazolowera zimenezi, mutha kuwafupikitsira: dula dijiti yakumapeto, ichulukitse ndi 14, chotsera pa zotsalazo. Pa 5,781 zikhala 578 − 14 = 564, kenako 56 − 56 = 0. Nambala 14 ija yachokera pa 141, tangoichotsa 1 wakumapeto. Ine ndimakonda kuti ayambe aona kaye njira yaitaliyo, chifukwa mwana amene wangopatsidwa 14 amaiwala pasanathe sabata, ndipo sadziwa kokaifuna.

Kupeza nambala yothandizirayi n'kosavuta, popeza prime iliyonse yoposa 5 imathera ndi 1, 3, 7 kapena 9. Yothera ndi 1 yakonzeka kale: pa 31 mumachotsera yakumapeto kuchulukitsa ndi 3, pa 41 ndi 4, pa 71 ndi 7. Yothera ndi 7 ichulukitseni ndi 3, monga tachitira ndi 47. Yothera ndi 9 ndiye yokoma, chifukwa m'malo mochotsera mumawonkhetsa. Taonani 59 pa 4,897. Kuti 7 wakumapeto asanduke ziro ndiwonjezere 59 × 7, ndipo mwachidule zimenezi n'chimodzimodzi kuchulukitsa yakumapeto ndi 6, popeza 59 yaperewera 1 kuti ikwane 60. Ndiye 489 + 42 = 531, kenako 53 + 6 = 59. Yabwera yokha 59, ndiye ikulowa. Yothera ndi 3 mukaichulukitsa ndi 3 imathera ndi 9, monga 23 × 3 = 69, ndiye pa 23 mumawonkhetsa yakumapeto kuchulukitsa ndi 7.

Pali msampha umodzi umene ndawonapo ana ambiri akugweramo. Njirayi imangoyankha kuti inde kapena ayi, siikuuzani chotsala. Yesani 5,782, yomwe tikudziwa kuti chotsala chake ndi 1 tikagawa ndi 47. Mupeza 578 − 28 = 550, kenako 55, ndipo 55 − 47 = 8. Mwana amalemba mosangalala kuti chotsala ndi 8. Walakwa. Chimene 8 uja akunena n'chakuti 47 sikulowa, basi. Kufufuta ziro kumasokoneza chotsala, kupatula chikakhala ziro.

Tsopano 97. Mukatsata njira yomweyi mupeza 97 × 3 = 291, ndiye muzichulukitsa ndi 29 nthawi iliyonse. Zimatheka, koma n'zolemetsa mutu pachabe. Apa ndi bwino kuyang'ana kuti 97 yayandikana ndi 100. Mu 100 aliyense muli 97 mmodzi ndi 3 wotsala. Ndiye werengani ma 100 amene ali mu nambala yanu, muwachulukitse ndi 3, muwonkhetse madijiti awiri akumapeto. Pa 8,633 muli ma 100 okwana 86, ndiye 86 × 3 + 33 = 291. Bwerezani: 2 × 3 + 91 = 97. Yalowa, ndipo 8,633 ndi 97 × 89. Ubwino wa njira iyi ndi wakuti siifufuta ziro, imangotaya ma 97 athunthu, choncho chotsala chimasungika. Pa 8,640 mupeza 298, kenako 104, kenako 7, ndipo 7 ameneyo ndiye chotsala chenicheni. Ndi 997 n'chimodzimodzi, kungoti mumawerenga ma 1,000. Ndi 103 mumachotsera m'malo mowonkhetsa, popeza 100 yaperewera 3.

Mwina wina afunsa kuti kugawa ndi 97 kuli ndi ntchito yanji kunja kwa kalasi. Nambala za akaunti za kubanki zotchedwa IBAN, zimene mayiko ambiri amagwiritsa ntchito potumizirana ndalama, zimayesedwa ndi 97 yemweyu. Kompyuta imasandutsa zilembo kukhala manambala, n'kugawa chinambala chonsecho ndi 97, ndipo chotsala chikapanda kukhala 1 imadziwa kuti wina walakwitsa polemba.

Palinso ma prime ena amwayi amene amakhala pafupi ndi 1,000 kapena 10,000 akachulukitsidwa. Odziwika kwambiri ndi 7, 11 ndi 13, popeza 7 × 11 × 13 ndi 1,001. Dulani nambala yanu madijiti atatuatatu kuyambira kumanja, muzichotsera ndi kuwonkhetsa mosinthana. Pa 254,982 n'kamodzi kokha: 982 − 254 = 728. Kanambala kameneka kakuyankha mafunso atatu nthawi imodzi. 728 ndi 7 × 104, komanso ndi 13 × 56, koma 11 sikulowamo. Ndiye 254,982 ikugawika ndi 7 ndi 13, osati 11. Momwemonso 10,001 ndi 73 × 137, ndiye pa ma prime awiriwa mumadula madijiti anayianayi. Pa 37 mumawonkhetsa magulu a madijiti atatu osachotsera, chifukwa 999 ndi 27 × 37. Ana a sekondale amene aphunzira kale za modulo azindikira kuti zonsezi ndi congruence, chilembedwe chimene katswiri wa masamu Gauss anachikhazikitsa mu 1801, koma simufunika dzinalo kuti muphunzitse zimene ndalembazi.

Ndinenenso chilungamo pa mawu akuti "yaikulu". Prime ikafika madijiti anayi, malamulowa amakhalapobe koma phindu lake limatha. Tengani 7,919, yomwe ndi prime ya nambala 1,000 mukamaziwerenga kuyambira pa 2. Ikuthera ndi 9, ndiye lamulo lake ndi kuchulukitsa yakumapeto ndi 792 n'kuwonkhetsa. Ndani angachite zimenezo m'mutu? Ndipo nthawi iliyonse mwangochotsa dijiti imodzi, monganso long division imachitira. Kusiyana kwake n'kwakuti long division imadya nambala kuyambira kumanzere pomwe njira yathu imayambira kumanja, ndipo long division imakupatsani yankho ndi chotsala chomwe. Pamayeso, prime ikakhala yotero, mwana angogawa.

Mukafuna ntchito ya mawa, apatseni 83 okha popanda kuwauza kanthu. Ena achulukitsa ndi 3 n'kupeza 249, ndiye lamulo lawo likhala lowonkhetsa ndi 25. Ena achulukitsa ndi 7 n'kupeza 581, lawo likhala lochotsera ndi 58. Onse akhoza, ndipo muwasiye akangane kuti lopepuka ndi liti. Nambala yoti ayesere ndi 6,059, yomwe ndi 83 × 73.